MBIRI YA WILBUR WRIGHT, MMISIRI WOYAMBA KUWONGOLERA NDEGE

Abale a m'migodi ndi m'mapurazi, inu nonse mudziwa kuti ngolo yopanda coiwongolera itaya katundu, ndi cingwe ca cikepe cikaduka akazi ambiri asanduka amasiye. Cifukwa cace tifuna kukuuzani za munthu amene anayamba kumanga zingwe zakuti ndege imvere mwini wace m'mwamba.

Wilbur Wright anabadwa pa 16 April 1867 pafupi ndi Millville, m'dziko la Indiana ku America. Atate wace, Milton Wright, anali bishopu. Wilbur pokhala mnyamata anabvulala kukamwa pa masewera, mano a patsogolo nacoka. Cotero sanapite ku sukulu yapamwamba, koma anakhala pakhomo kudwazika amace odwala cifuwa cacikuru, kufikira anamwalira m'caka ca 1889. M'caka ca 1892 iye ndi mphwace Orville anatsegula nyumba yokonzeramo njinga m'mudzi wa Dayton.

M'caka ca 1896 kunamveka mbiri yacisoni, yakuti Otto Lilienthal wa ku Germany wagwa ndi mapiko ace nafa. Munthuyo anali kuwongolera mapikowo pakuponya thupi lace uku ndi uku, ndipo mphepo inamlaka. Anzeru ambiri a masiku amenewo anali kusaka injini yamphamvu, koma Wilbur anazindikira kuti bvuto lalikuru ndilo kuwongolera, pakuti wokwera njinga ayamba waphunzira kusagwa asanaphunzire liwiro.

Tsono anapenyetsa miimba pouluka, naona kuti ipotoza nsonga za mapiko mphepo ikaipendeketsa. Tsiku lina m'caka ca 1899 anagwira kabokosi kakatali ka pepala, mosungira mpira wa njinga, nakapotoza. Ndipo anaona kuti mbali yina yakwera, yina yatsika, koma kabokosi sikanasweke. Pomwepo anapanga kaiti ya mapiko awiri osanjikiza, m'litali mwace mapazi 5, naiyesa ndi zingwe, ndipo inamvera.

Kuyambira 1900 abale awiriwa anapita caka ndi caka ku Kitty Hawk, malo a mcenga ndi mphepo yambiri, kukayesa ndege zopanda injini. Mamangidwe ace anali otere. Woyendetsa anagona cafufumimba pa phiko la pansi. Patsogolo panali kaphiko kakang'ono, kokwezera ndi kutsitsira mutu wa ndege, kamene anakagwedeza ndi manja. Pa ndege ya 1902 ciuno cace cinakhala m'kathabwa kokumbika, kotsetsereka kumanja ndi kumanzere. Ku kathabwako anamangako mawaya, opita pa timagudumu kufikira ku nsonga za mapiko. Akasuntha ciuno kumanja, mawaya anakoka, phiko la kumanzere linagwira mphepo yambiri nilikwera, la kumanja nilitsika, ndege nipendekera kumanja.

Koma panatsala coopsa cimodzi. Phiko logwira mphepo yambiri linatsalira m'mbuyo, ndipo nthawi zina ndege inakana kukhota kumene mwini afuna, nizungulira, nikumba mcenga ndi nsonga ya phiko. Orville anaganiza kuti mcira uziyenda monga tsigiro la ngalawa. Wilbur anabvomera, koma poona kuti munthu mmodzi sangathe kusamala zogwira zitatu pa nthawi imodzi, analumikiza mawaya a tsigiro ku mawaya a mapiko, kuti ciuno cikasuntha zonse ziyende pamodzi. Zoonadi mutu umodzi susenza denga. Atatero anauluka kambirimbiri osabvulala.

M'caka ca 1903 anapanga ndege ya matabwa opepuka ndi nsaru yosoka okha, ndipo mmisiri wao Charlie Taylor anawapangira injini ya mphamvu ya akavalo 12. Maunyolo onga a njinga anazunguza zopalasira mphepo ziwiri; unyolo umodzi anaupingasa kuti zizungulire mosiyana, ndege ingapotokere mbali imodzi. Pa 17 December 1903 Orville anauluka masekondi 12, mtunda wa mapazi 120. Ulendo wacinai tsiku lomwelo Wilbur anakhala m'mwamba masekondi 59, napita mapazi 852.

Zaka zinapita anthu ambiri osakhulupirira. Koma pa 8 August 1908 Wilbur anauluka pafupi ndi Le Mans ku France, nakhota bwino lomwe pamaso pa khamu, ndipo onyoza anakhala cete. Zaka zace zotsiriza zinathera m'milandu ndi Glenn Curtiss ndi ena, yolimbirana nzeru imeneyi ya kuwongolera. Ali wolema ndi milanduyo anagwidwa ndi nthenda ya taifodi, namwalira ku Dayton pa 30 May 1912, wa zaka 45, wosakwatira. Orville anakhala kufikira 1948.

Amisiri a pambuyo analeka kupotoza phiko lonse, naika timapiko toyenda ku nsonga zace. Koma njira zitatu zija, kukweza mutu, kupendeka ndi kukhota, ziri m'ndege kufikira lero. Inu ogwira sipanala ndi waya, musapeputse nchito ya manja anu, pakuti wokonza njinga uyu sanadzere khomo lina ai, koma la kupenyetsa, kuyesa ndi kupirira.