Malemu Christon Tembo: Msilikali amene anaika malamulo a dziko patsogolo

Malemu Lieutenant General Christon Tembo anabadwa mu 1944 ndipo anamwalira mu mzinda wa Lusaka pa 6 Marichi 2009. Anthu ambiri amawakumbukira ngati wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Zambia, koma mbiri yao imadzutsanso funso lalikulu: kodi msilikali amalumbira kuteteza ndani, munthu wokhala pampando kapena anthu a m'dziko?

A Tembo anakwera maudindo m'gulu la asilikali kufikira anakhala mkulu wa Zambia Army kuchokera mu 1985 mpaka 1987. Pa nthawiyo dziko linali pansi pa ulamuliro wa chipani chimodzi cha UNIP. Atachoka pa udindowu, a Kenneth Kaunda anawatumiza ku West Germany kukagwira ntchito ya ukazembe.

Mu Okutobala 1988 a Tembo anamangidwa pamodzi ndi asilikali ena powaganizira kuti anali kukonza zolanda boma, mlandu umene chilango chake chinali imfa. Loya amene anawaimira m'khoti anali a Levy Mwanawasa.

Iwo akali m'ndende, mu Juni 1990, boma linakweza mtengo wa unga ndipo mu Lusaka munabuka zipolowe zimene zinaphetsa anthu oposa 20. Pa 30 Juni, Lieutenant Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Anthu anasangalala m'misewu, koma asilikali ena anathetsa chiwembucho m'maola ochepa. Mu Julaye a Kaunda anamasula akaidi a ndale, kuphatikizapo a Tembo, mlandu wao usanagamulidwe.

Atatuluka, a Tembo analowa chipani cha MMD chimene chinali kumenyera ndale za zipani zambiri. Pa masankho a 31 Okutobala 1991, a Frederick Chiluba anagonjetsa a Kaunda, ndipo asilikali analemekeza chifuniro cha anthu. M'boma latsopano a Tembo anakhala nduna ya zokopa alendo, kenaka nduna yoona za maiko akunja. Anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu Disembala 1997, patangopita milungu yochepa Captain Steven Lungu, wodziwika kuti Captain Solo, atalephera kulanda boma pa 28 Okutobala.

Mayeso aakulu anafika mu 2001. Malamulo a dziko amalola mtsogoleri kulamulira zigawo ziwiri zokha za zaka 5, koma otsatira a Chiluba anayamba kufuna kuti malamulowo asinthidwe kuti aimenso kachitatu. Mipingo, maloya ndi mabungwe a amai anagwirizana mu bungwe la Oasis Forum kukana ganizoli. Anthu mu Lusaka anavala timaliboni tobiriwira ndipo oyendetsa galimoto anali kuliza mahutala posonyeza kukana.

A Tembo, ngakhale anali wachiwiri wa a Chiluba, anakana poyera. Munthu amene kale analamulira asilikali onse a pamtunda sanapite ku Arakan Barracks kukapempha mfuti. Anatsutsa m'chipani ndi pamaso pa anthu, podziwa kuti udindo wao ukhoza kutha. Anachotsedwadi m'chipani ndi m'boma pamodzi ndi nduna zina, koma mu Meyi 2001 a Chiluba analengeza kuti sadzaimanso.

Pambuyo pake a Tembo anatsogolera chipani chatsopano cha Forum for Democracy and Development, FDD. Pa masankho a 27 Disembala 2001 anakhala pa nambala 3 ndi mavoti pafupifupi 13 pa 100 alionse. Anapambana ndi a Mwanawasa, loya wao wakale uja, ndipo a Anderson Mazoka anakhala achiwiri. Mu Lusaka, FDD inatenga mpando wa Lusaka Central, dera la Woodlands ndi Kabulonga, kudzera mwa a Dipak Patel, ndiponso wa Munali, kumene kuli Chelstone, kudzera mwa mai Edith Nawakwi, amene anadzalowa m'malo mwa a Tembo pa utsogoleri wa chipanichi mu 2005.

Chiyambire ufulu mu 1964, Zambia sinalamulidwepo ndi boma la asilikali, pomwe maiko monga Nigeria, Ghana ndi Uganda anaona zimenezo. Malamulo a dziko amene anakonzedwanso mu 2016 amanena kuti asilikali ayenera kumvera ulamuliro wa anthu wamba ndiponso asatengeko mbali m'zipani. A Tembo sanakhale mtsogoleri wa dziko, koma malire a zigawo ziwiri amene anatayira udindo wao mu 2001 akali m'malamulo a Zambia.