Mmerika amene anaphunzira Chichewa kwa mwana wa ku Kasungu



Ine ndinakulira ku Bolero, kuno ku Nkhamanga. Kunyumba timayankhula Chitumbuka, ndipo galamala ya Chichewa kusukulu inkanditopetsa zedi. Akuluakulu kwathu sanaiwale za 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Ndiye nditamva za Mark Hanna Watkins, ndinayamba ndanyinyirika kaye.

Watkins anabadwa mu 1903 ku Huntsville, Texas. Anali munthu wakuda, pa nthawi imene tsankho linali lolimba ku America. Anakaphunzira ku yunivesite ya Chicago, pansi pa katswiri wa zinenero Edward Sapir. Kumeneko anakumana ndi wophunzira mnzake wochokera ku Kasungu, dzina lake Hastings Kamuzu Banda. Watkins ankafunsa, Banda nkumayankha, iye nkumalemba. Ntchitoyi inamupezetsa digiri ya udokotala mu 1933, ndipo buku lake, A Grammar of Chichewa, linatuluka mu 1937. Kenako anaphunzitsa ku Fisk ndi ku Howard, nkumwalira mu 1976.

Nanga m'chiganizo muli chiyani chofunika zaka zonsezo? Tayesani izi. Nkhuku zinamujompha mwana. Tsopano tembenuzani: mwana zinamujompha nkhuku. Wojomphedwa ndi mwana yemweyo basi. Chifukwa chake kachidutswa ka zi kakuloza nkhuku, ka mu kakuloza mwana. Mneni wanyamula kale yankho la funso loti wachita ndani, wachitidwa ndani. M'Chingerezi mukangosinthanitsa mayina awiriwo, nkhani yonse yasintha.

Patapita zaka 50, mu 1987, Joan Bresnan ndi Mmalawi mnzathu Sam Mchombo anaika zimenezi m'ndondomeko yokhala ngati masamu, kuonetsa nthawi imene mawu angasunthe tanthauzo osasuntha. Iwowa anali kupitiriza ntchito yomwe ija, yofunsa mwini chinenero ndi kulemba mosamala.

Chondikhudza ine ndi ichi. Munthu wa ku Texas anaona kuti zoyankhula za mnyamata wa ku Kasungu ndi zoyenera digiri. Ife timaseka agogo akamayankhula Chitumbuka chenicheni cha ku Nkhamanga, foni ili m'manja, osajambula ngakhale nthano imodzi. Chitumbukanso chili ndi tizidutswa take tomangira mneni.

Ine Loweruka lino ndikupita kwa agogo ndi kope. Inu agogo anu mwawafunsapo liti?