Malpighi, dokotala amene anasenda lilime la ng'ombe

Anzanga, Loweruka ndikuwamba mbewa kwathu, ndinakanula imodzi n'kusuzumira kalilime kake. Kenaka ndinatulutsa langa pagalasi, eee, lonse tiziphuphu tokhatokha! Lolemba ndinafunsa aphunzitsi a Biology, ndiye anandiuza za munthu uyu.

Marcello Malpighi anabadwa mu 1628 kufupi ndi mzinda wa Bologna ku Italy. Makolo ake onse anamwalira iye ali ndi zaka 21, koma sukulu anaimaliza mpaka kukhala dokotala. Mu 1661 anaunika mapapo a chule pa maikulosikopu n'kuona timitsempha ta magazi tosaoneka ndi maso. Mu 1665 analemba za lilime. Ankaphika lilime la ng'ombe n'kulisenda, ndipo anapeza kuti tiziphuphu tija talumikizana ndi mitsempha, ndiye kuti timatithandiza kumva kukoma kwa chakudya.

Madokotala ena ankamunyoza kuti akungotaya nthawi. Mu 1684 nyumba yake inawotchedwa, zolemba zake n'kuwonongeka. Komabe mu 1691 Papa Innocent XII anamuitana kukakhala dokotala wake. Anamwalira ku Rome mu 1694.

Achule ndi ng'ombe tili nazo konkuno ku Phalombe. Tsiku la pulakitiko tisamathawe, chonde.