CHARLES DE FOUCAULD WOYERA: ADAFESA OSAONA ZOKOLOLA

Akristu akakhala pansi kucheza atatuluka m'tchalitchi, kawirikawiri pamabuka funso lakuti: kodi Chikristu chiri kukula kapena chiri kutha pa dziko lapansi? Ena amakumbutsa za ku Ulaya kumene matchalitchi ambiri asanduka apululu. Ena amaloza matchalitchi athu amene sakwana anthu tsiku la Mulungu. Nawonso akatekisti, poona kaundula wa ophunzira, mtima umakwera ndi kutsika pamodzi ndi chiwerengero. Tsono pa 1 Disembala Eklezia amakumbukira munthu amene adataya chikhulupiriro zaka 12, ndipo atachipezanso adachilalika zaka 15 m'chipululu, namwalira wopanda womutsatira. Moyo wake utiphunzitsa kuyankha funsolo mwanzeru.

Charles de Foucauld adabadwa pa 15 Sepitembala 1858 mu mzinda wa Strasbourg, m'dziko la France, m'banja lomveka ndi lachuma. Asanakwanitse zaka 6 amai ake adamwalira, ndipo m'chaka chomwecho cha 1864 bambo ake adatsatira. Iye ndi mlongo wake adaleredwa ndi agogo awo aamuna, mkulu wa asilikali, amene adawakonda osawakaniza kanthu. Mwanayo adalandira Ukaristia woyamba mu 1872. Koma pofika zaka 16, atawerenga mabuku ambiri a anthu osakhulupirira, chikhulupiriro chake chidazilala ngati moto wosasonkhezera. Sadanene kuti Mulungu kulibe ai, koma adaganiza kuti palibe munthu angathe kudziwa choona pa zimenezi.

Mu 1876 adalowa sukulu ya usilikali ya Saint-Cyr. Agogo aja atamwalira mu 1878, chuma chambiri chidagwera m'manja mwake, nayamba kuchimwaza pa maphwando. Pa mayeso a asilikali okwera akavalo ku Saumur adakhala wotsiriza mwa anthu 87. Atamtumiza ku Algeria, akulu ake adamchotsa ntchito mu 1881 chifukwa cha mkazi amene ankakhala naye popanda ukwati. Pomva kuti anzake ali pa nkhondo adapempha kubwerera, naonetsa kulimba mtima kumene anthu sadamdziwe nako. Koma mu 1882 adausiya yekha usilikali.

Masiku amenewo munthu wa ku Ulaya sakadatha kuyenda m'kati mwa dziko la Morocco osaika moyo wake pa chiswe. Charles adavala ngati Myuda wosauka, natsagana ndi mphunzitsi wa Ayuda dzina lake Mardochée, nayenda kuyambira Juni 1883 mpaka Meyi 1884, akulemba mobisa za mapiri, mitsinje ndi njira. Ulendowo udamtengera mendulo ya golide ku Paris. Koma chimene chidamtsalira mu mtima ndi ichi: adaona Asilamu akugwada pansi kupembedza Mulungu kasanu pa tsiku, osachita manyazi, ndipo adayamba kudzifunsa ngati iye sadataye chinthu chachikulu kuposa chuma cha agogo ake.

Atabwerera ku Paris adapeza msuweni wake Marie de Bondy, mai wopemphera, amene sadakangane naye konse za chipembedzo, koma adangomulandira ndi ufulu. Charles adayamba kulowa m'matchalitchi, akupempha Mulungu kuti ngati alikodi adziulule kwa iye. Kumapeto kwa Okutobala 1886 adapita kwa Bambo Henri Huvelin, m'tchalitchi cha Saint-Augustin, kukapempha kuti amuphunzitse za chipembedzo. Wansembeyo sadayambe ndi maphunziro: adamuuza kuti agwade, alape. Adagwada, naulula machimo ake onse, nalandira Ukaristia m'mawa womwewo. Kuyambira tsiku limenelo adatsimikiza kuti, popeza Mulungu alipo, sangathenso kukhalira wina koma Iye yekha.

Atayendera Dziko Loyera, mtima wake udakodwa ndi moyo wobisika wa Yezu ku Nazarete, zaka zija zimene Mwana wa Mulungu adakhala mmisiri wosadziwika. Mu Januwale 1890 adalowa chipani cha Trappist, cha abale okhala chete, opemphera ndi kulima, nakhala zaka zambiri m'nyumba yawo yosauka ya ku Akbès, ku dera la Syria. Mu 1897 adaloledwa kutuluka, nakakhala wantchito wa asisitere a Klara Woyera ku Nazarete, akugona m'kanyumba kosungiramo zipangizo. Adadzozedwa unsembe pa 9 Juni 1901 ku Viviers, ali ndi zaka 42.

Chaka chomwecho, m'mene ansembe a Montfort adafika ku Nzama kuno kwathu, iye adalowa m'chipululu cha Sahara, dera limene lidali m'manja mwa ansembe a White Fathers, nakhazikika ku Beni Abbès. Khomo lake lidali lotsegukira aliyense: Msilamu, Myuda, msilikali, kapolo. Adalemba makalata aukali odzudzula ukapolo umene boma la France linkaulekerera, naombola akapolo angapo ndi ndalama zochepa zimene abale ake ankamtumizira. Tisabise kuti adali mwana wa nthawi yake: adali bwenzi la akulu a asilikali a France, ndipo ankayesa kuti ulamuliro wa dziko lakwawo ungadzetse zabwino kwa anthu a m'chipululu.

Mu 1905 adasamukira kutali kumwera, ku Tamanrasset, kamudzi ka mabanja owerengeka a mtundu wa Tuareg, Asilamu okhaokha. Poona kuti sangalalikire anthu asanawadziwe, adaphunzira chinenero chawo, nasonkhanitsa ndakatulo ndi miyambi yawo, namasulira Mthenga Wabwino, nalemba buku lalikulu la mau awo limene pambuyo pake lidasindikizidwa m'magawo anayi. Adalembanso malamulo a chipani chimene ankafuna kuyambitsa, nadikira abale. Mmodzi yekha adayesa kumtsata, koma adadwala pa njira nabwerera.

Mdima waukulu udamgwera mu 1907. Mvula idakana, njala idalowa, ndipo iye adagawa chakudya chake chonse. Lamulo la nthawi imeneyo silinkalola wansembe kuchita Misa popanda wotumikira, kotero kuti tsiku la Noeli lidamdutsa wopanda Misa. Mu Januwale 1908 adadwala kwa kayakaya, akuona kuti zaka zake zonse zapita pachabe. Pamenepo anthu aja amene iye adadza kudzawathandiza adayendayenda kufunafuna mbuzi zimene zidali ndi mkaka pa chilala chotere, nampatsa, nachira. Amene adazolowera kupatsa adaphunzira kulandira, ndipo chibale chake ndi iwo chidakhala chenicheni. Kumapeto kwa mwezi womwewo chilolezo cha Papa chidafika chakuti azichita Misa ali yekha.

Nkhondo yaikulu yoyamba itabuka, chipululu nacho chidasokonezeka, ndipo Charles adamanga linga lothawiramo anthu a m'mudzimo. Madzulo a pa 1 Disembala 1916 gulu la achifwamba lidamnyenga kuti atsegule chitseko, nammanga manja. Mnyamata wa zaka 15 amene ankamlonda, poona asilikali awiri akubwera pa ngamira, adachita mantha naomba mfuti. Adamwalira ali ndi zaka 58. Mwa anthu a Tuareg panalibe ndi mmodzi yemwe amene adatembenuka. Chipani chake chidali pa pepala pokha. Gulu la mapemphero limene adayambitsa ku France lidali ndi maina 49, kuwerengera ndi lake lomwe.

Wowerenga ndi maso a anthu akadati munthuyu adalephera. Koma mu 1921 René Bazin adalemba mbiri yake, ndipo idagwira mitima ya ambiri. Mu 1933 Bambo René Voillaume ndi anzake adayambitsa chipani cha Abale Aang'ono a Yezu ku Algeria komweko. Mu 1939 Mai Magdeleine Hutin adayambitsa cha Alongo Aang'ono a Yezu. Ndipo magulu ena adaphuka pambuyo pawo, nafalikira m'maiko ambiri. Papa Benedikito XVI adamutcha Wodala pa 13 Novembala 2005, ndipo Papa Fransisko adamutcha Woyera pa 15 Meyi 2022.

Tibwerere tsono ku funso lathu lija. Mu 1910, Charles ali ku Tamanrasset, mwa Akristu atatu alionse a pa dziko lapansi awiri adali ku Ulaya, ndipo Akristu a mu Afrika kumwera kwa Sahara adali ngati mmodzi yekha pa 100. Pofika 2020 Akristu a kumwera kwa Sahara adaposa a ku Ulaya. Pakati pa 2010 ndi 2020 Akristu onse adachuluka kufika pafupi 2.3 biliyoni, komabe gawo lawo mwa anthu onse lidatsika kuchoka pa 31 kufika pa 29 mwa 100, makamaka chifukwa cha obatizidwa amene adasiya chipembedzo. Motero onena kuti Chikristu chiri kukula sanama, ndipo onena kuti kwina chiri kuchepa sanamanso. Ngakhale kuno kwathu, a White Fathers amene adafika kwa Mponda mu 1889 adachokako mu 1891 osaona chipatso. Ndani akadalota pamenepo za maparishi amene tiri nawo?

Chiwerengero nchothandiza, koma chimangotiuza za dzulo ndi lero. Za mawa sichidziwa. Inu makolo amene mwana wanu adaleka kupemphera, kumbukirani kuti Charles adasokera zaka 12, ndipo adabwezedwa ndi mapemphero a Asilamu amene sadadziwe kuti ali kumphunzitsa, ndi kuleza mtima kwa msuweni, ndi kulimba kwa wansembe mmodzi. Inu akatekisti amene mumayenda mtunda wautali nkukapeza ophunzira atatu okha, aphunzitseni atatuwo monga mukadaphunzitsira makumi atatu. Ndipo ife amene matchalitchi athu adzaza tisadzitame, pakuti a ku France nawonso adali odzaza kale. Tiyang'ane ngati ana athu akudziwa chimene akhulupirira.

Charles de Foucauld Woyera atipempherere, kuti tisataye mtima pochepa, tisanyade pochuluka, koma tigwire ntchito ya lero mokhulupirika, zokolola tizisiye m'manja mwa Mwini munda.