Mai Rosalind Franklin ndi Mapindidwe a DNA

Ife alimi tidziwa kuti mbeu ya cimanga sibala mapira. Cimene cimasunga mtundu wa mbeu, ciweto ngakhale munthu ndi kaulusi kosaoneka ndi maso kochedwa DNA. Mmodzi mwa amene anaonetsa dziko maonekedwe a kaulusika ndi Mai Rosalind Franklin.

Maiwa anabadwira ku London pa 25 Julayi 1920. Anaphunzira sayansi ku Cambridge, ndipo anayamba ndi kufufuza za malasha. Mu 1947 anapita ku Paris kumene anazolowera luso lojambula tinthu tating'onoting'ono ndi X-ray.

Mu 1951 analowa nchito pa King's College ku London. Caka cotsatira, iwo ndi wophunzira wao Raymond Gosling anajambula cithunzi ca DNA cochedwa Photo 51. Mnzao wa pa nchito, Maurice Wilkins, anacionetsa kwa James Watson eni ake osadziwa. Mu 1953, Watson ndi Francis Crick analengeza kuti DNA ndi zingwe ziwiri zopotana.

Mai Franklin anasamukira ku Birkbeck College nayamba kufufuza kacirombo koyambitsa matenda a mawanga pa masamba a fodya. Mu 1956 anapezeka ndi khansa ya m'thumba la mazira, koma sanasiye nchito. Anamwalira pa 16 Epulo 1958 ali ndi zaka 37. Mu 1962 amuna atatu aja analandira mphoto ya Nobel. Mphotoyi sapereka kwa womwalira.

Nchito yao inatiphunzitsa kuti mphamvu ya kanthu ili m'kapangidwe kake. Pambuyo pake akatswiri anapeza kuti DNA simangopotana pawiri ai. Nthawi zina imadzipinda mwa timizere tinai, ndipo mu 2013 ofufuza a ku Cambridge anaona mapindidwe otere m'maselo a munthu. Ena anapanga kacidutswa ka DNA kochedwa AS1411, kamene kakadzipinda motero kamamatira ku maselo a khansa. Kanayesedwa pa odwala khansa ya impso ndi ya m'magazi, koma sikanabvomerezedwe kukhala mankhwala a m'zipatala.

Conco nthenda imene inatenga maiwa akali aang'ono, lero akuifunira mankhwala m'kaulusi komweko kamene iwo anajambula. Wolima munda sindiye nthawi zonse amadya zokolola, koma ife tisaiwale dzina la wolima.