NOAH WEBSTER, MPHUNZITSI AMENE ANASINTHA KALEMBEDWE KA CHINGEREZI

Ambiri a ife tinaona kale kuti Chingerezi chili ndi malembedwe awiri. Buku losindikizidwa ku London lilemba colour, centre ndi travelled, koma lochokera ku New York lilemba color, center ndi traveled. Ena amayesa kuti anthu a ku America amangophonya chifukwa cha ulesi, koma si tero ayi. Kusiyanaku kunakhazikika makamaka ndi khama la munthu mmodzi, mphunzitsi wosauka dzina lake Noah Webster, ndipo mbiri yake ndiyo ndifuna kukuuzani.

Noah anabadwa pa 16 Okutobala 1758 ku West Hartford, m'dziko la Connecticut, pamene dzikolo linali m'manja mwa mfumu ya ku England. Atate ake anali mlimi ndiponso mmisiri woomba nsalu. Poona kuti mwana wawo akonda mabuku koposa khasu, iwo anapereka munda wawo chikole nakongola ndalama, namtumiza ku koleji ya Yale mu 1774. Chaka chotsatira inabuka nkhondo ya pakati pa America ndi Britain, kotero kuti maphunziro anaduka kawirikawiri chifukwa cha kusowa kwa chakudya, komabe iye anatsiriza mu 1778.

Atabwera kwawo anapeza kuti ndalama palibe, motero anayamba uphunzitsi, akuwerenganso za malamulo pa nthawi yopuma. Zimene anaona m'sukulu zinamvetsa chisoni mtima wake. Ana ambirimbiri anapanikizana m'chipinda chimodzi, aphunzitsi ambiri anali osaphunzira bwino, ndipo mabuku ochepa amene analipo analembedwera ana a ku England. Iye anaganiza kuti dziko limene lamenyera ufulu wake liyenera kukhala ndi mabuku akeake, ndi kuti ana a kumpoto ndi a kumwera akaphunzira kulemba ndi kutchula mawu mofanana adzadziona kuti ali mtundu umodzi.

Tsono mu 1783, ali ndi zaka 25, anatulutsa kabuku kophunzitsira masipelo, kamene pambuyo pake kanatchedwa The American Spelling Book. Iye anadula mawu m'zigawozigawo kuti mwana asavutike powatchula, nayamba ndi apafupi, natsiriza ndi ovuta. Anaikamonso maina a mizinda ya ku America. Popeza chikuto chake chinali chobiriwira ngati thambo, anthu ankangokatchula ndi mtundu wa chikutocho. Kabukuka kanagulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 ana a ku America anaphunzira kuwerenga ndi iko.

Koma walira mvula walira matope. Masiku amenewo munthu aliyense wokhala ndi makina anatha kusindikiza buku la mnzake nagulitsa, mwini wake osalandirapo kanthu. Chifukwa cha ichi Webster anayenda maulendo aatali kukapempha aphungu a m'zigawo zosiyanasiyana kuti aike lamulo loteteza olemba mabuku. Lamulo la dziko lonse linaikidwa mu 1790, ndipo pamene linakonzedwanso mu 1831 iye, ali wokalamba, anapita yekha ku Washington kukalilimbikitsa. Mu 1789 anakwatira Rebecca Greenleaf, nabereka naye ana 8, ndipo ndalama zochepa zochokera ku kabuku kaja ndizo zinadyetsa banja lonse pamene iye anali pa ntchito yake yaikulu.

Ntchito yaikuluyo inali ya dikishonale. Kufikira nthawi imeneyo anthu ambiri olankhula Chingerezi anadalira dikishonale ya Samuel Johnson ya ku London, ya chaka cha 1755. Webster anayamba ndi yaing'ono mu 1806, ndipo chaka chotsatira anayamba yaikulu. Pofuna kudziwa kumene mawu anachokera, anadziphunzitsa zilankhulo zoposa 20, monga Chihebri, Chiarabu ndi Sanskrit. Anandandalika madikishonale a zilankhulozo pa tebulo lozungulira, ndipo akatenga liwu limodzi anayenda nalo kuchokera pa buku ili kufika pa lija, kufikira atalizungulira tebulo lonse. Taganizani, anzanga, munthu mmodzi kuchita chotere liwu ndi liwu, zonse kulemba pamanja ndi nthenga, popanda makina omthandiza! Mu 1824 anaoloka nyanja kukawerenga m'nyumba za mabuku za ku Paris ndi ku Cambridge, ndipo ndi ku Cambridge komweko, m'dziko la Angerezi eni ake, kumene analemba liwu lotsiriza mu Januwale 1825, dzanja likunjenjemera.

Bukulo linatuluka mu 1828, mwini wake ali ndi zaka 70, ndipo dzina lake ndi An American Dictionary of the English Language. Linali m'magawo awiri, la mawu 70,000. Munalowa mawu a ku America monga skunk ndi hickory, maina a kanyama ndi mtengo za kumeneko. M'madikishonale ake Webster anachotsa u mu colour ndi honour, pakuti samveka potchula. Anatembenuza re kukhala er mu centre ndi theatre, naika s m'malo mwa c mu defence, nasiya l mmodzi yekha mu travelled. Malembedwe ambiri mwa awa sanawapange ndi iye, pakuti analipo kale m'mabuku ena. Chimene anachita ndicho kusankha amodzi pakati pa awiri ndi kuwalimbikitsa, kufikira dziko lonse litawazolowera.

Tisayese kuti zonse zinamyendera bwino. Iye anafuna kuti tongue ilembedwe tung, women ilembedwe wimmen, ndi soup ilembedwe soop, koma anthu anamseka nakana, ndipo malembedwewo anafa. Zambiri zimene analemba za chiyambi cha mawu akatswiri anazipeza zolakwa, nazikonza iye atamwalira. Anali munthu wodzidalira ndi wokonda kutsutsana, motero adani sanamsowe. Dikishonale yaikuluyo anasindikiza mabuku 2,500 okha, ndipo pa mtengo wa madola 20 inagulidwa pang'onopang'ono, kotero kuti sinamlemeretse. Anamwalira ku New Haven pa 28 Meyi 1843, ali ndi zaka 84. Abale awiri, George ndi Charles Merriam, anagula ufulu wosindikiza bukulo, ndipo ndi chifukwa chake kufikira lero pali dikishonale yotchedwa Merriam-Webster.

Nanga ife mbiri iyi itikhudza bwanji? Makompyuta ambiri ndi mapulogalamu ake anapangidwa ku America, ndipo malembedwe a Webster anadza nawo pamodzi. Pulogalamu yolembera ngati Microsoft Word ikakhala itatcheredwa pa Chingerezi cha ku America, imaika mzere wofiira kunsi kwa colour ngati kuti mwalakwa, ngakhale mwalemba monga anakuphunzitsani aphunzitsi. Mankhwala ake ndi kusintha chilankhulo cha pulogalamuyo kuti chikhale cha ku Britain. Akatswiri olemba mapulogalamu alibe ufulu wotere nthawi zonse. M'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa CSS liwu lolamula mtundu wa zilembo ndi color, ndipo Mngerezi akalemba colour makina angonyalanyaza osachita kanthu. Ngakhale ku London komweko alemba programme ponena za pa wailesi, koma program ponena za kompyuta.

Sukulu zathu zitsata kalembedwe ka ku Britain, motero wanzeru asankhe njira imeneyo naisunge kuyambira pa mutu wa chimangirizo kufikira pa mapeto. Kusakaniza colour pamwamba ndi center pansi ndiko kutaya malikisi chabe.

Chilankhulo chathu chomwe chinaona zotere. M'mabuku akale a Chinyanja mupezamo cifukwa ndi nchito, pamene ife lero tilemba chifukwa ndi ntchito, ndipo abale athu ambiri ku Zambia akulembabe Cinyanja ndi c yekha. Izi zitionetsa kuti kalembedwe ndi pangano la anthu, ndipo munthu wakhama akhoza kulikonza, koma eni chilankhulo ndiwo avomereza kapena kukana. Webster anatha zaka zoposa 20 pa buku limodzi chifukwa anakonda ana a dziko lake. Ife amene tili ndi nyali zamagetsi ndi makompyuta, tidzachitira chiyani zilankhulo za makolo athu?