THOMAS EDISON NDI MAKAMPANI ACE

Dzuwa likalowa ku Chelstone, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, mwana wa sukulu wofuna kuwerenga angokhudza kabatani pakhoma, ndipo nyumba iwala. Agogo ace anawerengera pa koloboi, utsi wa parafini ulikuwalowa m'maso. Mmodzi wa anthu amene anasintha zimenezi ndiye Thomas Alva Edison wa ku America. Iye anali wotulukira zinthu zatsopano, ndiponso munthu wa malonda amene anayambitsa makampani ambiri. Ena anamlemeretsa, ena anamdyera cuma, ndipo imene inali yaikulu koposa inacoka m'manja mwace iye ali moyo.

Edison anabadwa pa 11 February 1847 m'mudzi wa Milan, m'cigawo ca Ohio, nakulira ku Port Huron ku Michigan. Ku sukulu anakhalako miyezi yowerengeka cabe. Amai ace, amene kale anali mphunzitsi, ndiwo anamphunzitsa kuwerenga panyumba, ndipo mwanayo anakonda mabuku kwambiri. Pamene anali wa zaka 12 anayamba kugulitsa nyuzipepala ndi maswiti m'sitima ya pamtunda yoyenda pakati pa Port Huron ndi Detroit. Pa nthawi yomweyo makutu ace anayamba kugontha, ndipo sanamvenso bwino moyo wace wonse.

Tsiku lina m'caka ca 1862, pa siteshoni ya Mount Clemens, anaona kamwana kalikusewera panjanji, ngolo ya sitima ilikudza. Anathamanga nakakwatula. Atate a kamwanako, amene anali woyang'anira siteshoni, anamthokoza pomphunzitsa nchito ya telegarafu, ndiyo yotumiza mau pa waya mwa kugogoda kacitsulo. Nchito imeneyi inamyendetsa m'mizinda yambiri kwa zaka zisanu, ndipo malipiro ace anathera pa mawaya, mankhwala ndi mabuku.

Cinthu coyamba cimene Boma linamlembera kalata yotsimikiza kuti ncace, m'caka ca 1869, cinali makina owerengera mavoti m'nyumba ya malamulo. Makinawo anagwira nchito bwino, koma panalibe wowagula, pakuti aphungu sanafune kuti kuvota kufulumire. Iwo anakonda kuitana maina mmodzimmodzi kuti apeze nthawi yokopana. Edison anataya ndalama, ndipo kuyambira pamenepo asanayambe kupanga cinthu anayamba wafunsa ngati alipo anthu ocifuna.

M'caka comweco anapita ku New York wopanda kanthu m'thumba. Kumeneko anapangana ndi mnzace Franklin Pope, nayambitsa kampani yochedwa Pope, Edison and Company, yopanga ndi kukonza makina a telegarafu. Siinakhalitse, koma inamtsegulira njira. Anatsegula nyumba yopangiramo makina ku Newark, ndipo m'caka ca 1874 anapeza njira yotumiza mauthenga anai pa waya umodzi nthawi imodzi, awiri opita ndi awiri obwera. Eni a telegarafu anakondwa, cifukwa kumanga waya watsopano kunali kwa mtengo wapatali.

Ndalama zimene anapata anamangira nyumba ya mtundu wacilendo ku Menlo Park, m'cigawo ca New Jersey, m'caka ca 1876. Nyumba zina zinali zopangiramo nsalu kapena makasu; iyi inali yofuniramo nzeru zatsopano. Anasonkhanitsamo amisiri: Charles Batchelor wa ku England, wa manja aluso, John Kruesi wa ku Switzerland, wodziwa kusula ndi kusema citsulo, ndi Francis Upton, katswiri wa masamu, amene Edison mwini sanawadziwe kwenikweni. Mabuku ambiri achula Edison yekha, koma popanda anthu awa zambiri zikadathera papepala. Kruesi ndiye anapanga ndi manja ace, m'caka ca 1877, makina oyamba osunga mau a munthu ndi kuwabwezanso, kholo la galamafoni. Anthu anazizwa kumva citsulo cikulankhula, ndipo dzina la Edison linamveka m'maiko onse.

Tsono anatembenukira ku nyale. Anthu a m'mizinda masiku amenewo anaunikira ndi gasi, parafini ndi makandulo. Ena ambiri anali atayesa kale kupanga nyale ya magetsi, ndipo Joseph Swan wa ku England anali pafupi kutsiriza yace. Cobvuta cinali kaulusi ka m'kati mwa galasi, kamene kawala magetsi akapitamo: kanali kupsa msanga. Anthu acuma a ku New York anaika ndalama zao, ndipo m'caka ca 1878 inabadwa Edison Electric Light Company, nyale yeniyeniyo isanaoneke. Amisiri anayesa zinthu zambirimbiri usana ndi usiku. Mu October 1879 ulusi wa thonje wootchedwa kufikira usanduke khala, woikidwa m'galasi locotsedwa mpweya, unawala maola oposa 13. Caka cotsatira anapeza kuti nsungwi ya ku Japan iposa thonje, pakuti inawala maola oposa 1,000.

Apa mpamene nzeru zace za malonda zinaonekera. Nyale yokha iribe nchito m'nyumba yopanda magetsi, monga khasu lopanda mpini. Panafunika makina opanga magetsi, mawaya owatengera kunyumba, ndi kacipangizo koyesa magetsi amene munthu watha kuti alipire. Zambiri mwa izi kunalibe wozigulitsa. Cotero Edison ndi anzace anayambitsa kampani ya nyale, ina ya makina, ina ya mawaya okwirira pansi. Pa 4 September 1882 nyumba yace yopanga magetsi ya mu Pearl Street inayamba kuunikira nyumba za malonda za ku New York. M'caka ca 1884 kampani inalemba nchito Lewis Latimer, munthu wakuda, mwana wa makolo othawa ukapolo, amene anali katswiri wojambula makina ndipo anali atapeza kale njira yabwino yopangira kaulusi ka nyale.

Koma magetsi a Edison anali ndi cilema. Anali a mtundu woyenda njira imodzi, ndipo mphamvu yao inali kutha akayenda mtunda woposa mailo imodzi. George Westinghouse, wa malonda mnzace, anasankha magetsi a mtundu wina, opita nabwerera m'waya kambirimbiri pa kamphindi. Amenewa atha kukwezedwa mphamvu kuti ayende ulendo wautali, ndi kutsitsidwanso pofika pafupi ndi nyumba. Westinghouse anagulanso nzeru za Nikola Tesla, amene kale anagwirako nchito kwa Edison. Edison anakana kutembenuka. Anauza anthu kuti magetsi a Westinghouse ngakupha, nalola kuti agalu ndi ana a ng'ombe aphedwe nao pamaso pa anthu pabwalo la nyumba yace ya nchito. Ici cinali cinthu cosayenera munthu wa nzeru zotere, ndipo sicinamthandize. Magetsi amene acokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, nayenda pa nsanja zacitsulo kufikira ku Lusaka, ndiwo a mtundu umene Edison anaukana.

Eni ndalama anaona kumene mphepo inali kulowera. M'caka ca 1892 anaphatikiza makampani a Edison ndi kampani ya Thomson-Houston, naicha General Electric. Dzina la Edison analicotsapo, ndipo woyendetsa anacokera ku mbali inayo.

Edison anagulitsa gawo lace pang'onopang'ono, naika cumaco m'nchito ya migodi ku Ogdensburg. Anafuna kuphwanya miyala yokhala ndi citsulo cocepa, ndi kukoka citsuloco ndi maginito akulu. Anakhala kumapiriko zaka zambiri, m'pfumbi, namanga makina ophwanya miyala yaikulu ngati nkhokwe. Koma ku Minnesota kunapezeka miyala ya citsulo cambiri, yosabvuta kukumba, mtengo unagwa, ndipo nchito yace inafa. Ndalama za nyale zinapita zonse.

Munthu wina akadakhala pansi, pakuti anali atapitirira zaka 50. Iye anayang'ana makina ophwanya miyala aja, naona kuti angathe kupera miyala ya simenti, ndipo m'caka ca 1899 anayambitsa kampani ya simenti. Simenti yace inamanga bwalo lalikulu la masewera la Yankee Stadium ku New York. Ngongole zace zinabwezedwa ndi galamafoni ndi zithunzi zoyenda za kanema, zimene amisiri ace anali kukonza ku West Orange. Anayambitsanso kampani ya mabatire m'caka ca 1901. Mu December 1914 moto unatentha nyumba zambiri za nchito ku West Orange, ndipo nkhalambayo, ya zaka 67, inalamula kuti kumanganso kuyambe pomwepo.

Anamwalira pa 18 October 1931, ali ndi zaka 84. Makalata onse a zinthu zotulukira amene Boma la America linamlembera anakwana 1,093. Ena anaganiza zomlira mwa kuzimitsa magetsi onse a dzikolo kwa kamphindi, koma kunaoneka kuti kutero kukaika anthu ambiri pangozi. Cotero mtsogoleri wa dziko, Herbert Hoover, anangopempha kuti usiku wa maliro yense azimitse nyale ya m'nyumba mwace kwa mphindi imodzi.